Luso la Mafoni: Tsamba Lililonse la Apu ndi Kaimidwe Kake

NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO

WOULUTSA: Moni kwa inu a ku Mbizo ndi ku Amaveni ku Kwekwe, a ku Torwood ndi ku Rutendo ku Redcliff, a ku Makusha ku Shurugwi, a ku Mandava ndi ku Maglas ku Zvishavane, osaiwala a ku Mkoba ku Gweru. Makolo athu ambiri anachokera ku Malawi, ena ku Zambia ndi ku Mozambique, kudzagwira ntchito m'chigawo chino cha Midlands: golide ku Globe and Phoenix, chrome ku Shurugwi, asbestos ku Shabanie, chitsulo ku ZISCO. Lero zidzukulu zawo zina zili m'migodi ya pulatinamu ya Unki ndi Mimosa, zina zikukumba golide pazokha, ndipo zina zikuphunzira zamakompyuta ku Midlands State University ndi m'makoleji a zaluso a ku Kwekwe ndi ku Gweru. Onsewa ali ndi foni m'thumba, ndipo onsewa anaonapo zolemba za pafoni zikutembenuka zokha foni ikangopendekeka. Lero tikambirana za kutembenuka kumeneku: chimakuchititsa n'chiyani, mwini foni angakuletse bwanji, komanso wopanga apu angasankhe bwanji tsamba loyenera kutembenuka ndi tsamba loyenera kukhala chilili. Ndili ndi aphunzitsi amene amaphunzitsa achinyamata kupanga maapu. Aphunzitsi, takulandirani.

APHUNZITSI: Zikomo kwambiri achemwali, ndipo moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tiyambire pamene aliyense amadabwa. Foni imadziwa bwanji kuti ndayigoneka?

APHUNZITSI: M'kati mwa foni muli kachipangizo kakang'ono kwambiri kotchedwa accelerometer. Ntchito yake n'kumva mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi. Amisiri omanga nyumba amamangirira kachitsulo kolemera kunsonga ya chingwe, ndipo chingwecho chimaloza pansi nthawi zonse, khoma likhote kapena liwongoke. Kachipangizoka kamachita chimodzimodzi. Kamayeza mbali zitatu za foni: m'litali, m'lifupi, ndi kuchokera kugalasi kukafika kumsana kwake. Mphamvu yokokera pansi ikamatsata m'litali, foni imadziwa kuti yaimirira. Ikamatsata m'lifupi, imadziwa kuti yagona chopingasa, ndiye imatembenuza zonse za pasikirini kuti muziwerenge bwino. Njira imeneyi inatchuka ndi iPhone yoyamba mu 2007, ndipo mafoni a Android anayamba kutembenuka okha mu 2009.

WOULUTSA: Nanga bwanji nthawi zina imatembenuka ine ndisanafune?

APHUNZITSI: Chifukwa kachipangizoka kamadziwa kumene kuli pansi, koma sikadziwa kumene kuli nkhope yanu. Munthu wabwera kuchokera kuntchito ya usiku, wagona chammbali pamphasa, foni ili m'manja molunjika ndi maso ake. Kwa iye foniyo yaimirira, koma kwa kachipangizoka yagona, ndiye zolemba zimatembenuka n'kumuvuta kuwerenga. Vuto lina limabwera foni ikakhala chagada patebulo. Pamenepo mphamvu yokokera pansi imadutsa kugalasi kupita kumsana, osatsata m'litali kapena m'lifupi, choncho foni imangosunga kaimidwe kamene inali nako musanayiike. Chachitatu n'chakuti kachipangizoka sikasiyanitsa kukoka kwa dziko ndi kukankhidwa kwa galimoto. Amene mumakwera makombi pamsewu wa Shurugwi kupita ku Zvishavane mukuwadziwa makona a pa Boterekwa. Galimoto ikamakhota, thupi limakankhidwira mbali imodzi, dzanja limapendekeka, ndipo foni imamva zonsezo. Opanga mafoni anaika kuti foni izidikira kamphindi isanatembenuke, koma dzanja likapendekeka kwa nthawi ndithu, imatembenukabe.

WOULUTSA: Tisanafike kwa opanga maapu, tithandize kaye agogo amene angofuna kuti foni yawo ileke kuzungulira. Achite chiyani?

APHUNZITSI: Pafoni ya Android, kaya ndi Itel, Tecno kapena Samsung, ikani chala pamwamba penipeni pa sikirini n'kukokera pansi. Pakutuluka mabatani a tochi, a data ndi ena. Funani batani lolembedwa kuti Auto-rotate. Likayaka, foni izitembenuka yokha. Mukalizimitsa, ikhala choimirira. Pa Samsung, mukalizimitsa limasintha dzina n'kulembedwa kuti Portrait, pali kachizindikiro ka loko. Pa iPhone batani lake lili mu Control Center, ndipo chizindikiro chake ndi loko wozunguliridwa ndi muvi.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Kuyambira pa Android 9, imene inatuluka mu 2018, mukatseka kutembenuka kenaka n'kugoneka foni, pakona yam'munsi pamaoneka kabatani kakang'ono. Mukakadina, tsamba limatembenuka nthawi imeneyo yokha. Mukapanda kukadina, kamazimiririka. Choncho mukhoza kusiya foni ili yotseka masiku onse, n'kumaitembenuza pokhapokha mwafuna. Ndipo kuyambira pa Android 12 mu 2021, mafoni ena monga Pixel amatha kugwiritsa ntchito kamera yakutsogolo kuona mmene nkhope yanu yakhalira, kuti wogona chammbali uja asavutike.

WOULUTSA: Koma aphunzitsi, batani limenelo limalamulira foni yonse nthawi imodzi.

APHUNZITSI: Ndi pomwe pagona nkhani yathu ya lero. Mwini foni ali ndi batani limodzi lokha: zonse zitembenuke, kapena zonse zikhale. Koma apu imodzi imakhala ndi masamba angapo, ndipo tsamba lililonse lili ndi ntchito yake. Amene amadziwa ntchito ya tsamba lililonse ndi wopanga apuyo. Onani YouTube. Ngakhale mutatseka kutembenuka, mukadina batani lokulitsa vidiyo, imagona chopingasa n'kudzaza sikirini yonse. Mukatuluka, mndandanda wa mavidiyo umabwerera choimirira. Zimenezo sizinangochitika zokha, munthu anakhala pansi n'kusankha.

NYIMBO YAIFUPI

WOULUTSA: Mukumvera Luso la Mafoni. Aphunzitsi, achinyamata ophunzira kupanga maapu atchera khutu. Tipatseni chitsanzo chimene tonse tikuchidziwa.

APHUNZITSI: Titenge mabungwe othandizana pamaliro. M'makomboni a migodi, makolo athu anali kutali ndi abale, ndiye ankasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti wina akamwalira aikidwe mwaulemu. Mabungwe oterewa alipobe. Tiyerekeze kuti mwana wa m'dera mwathu akupangira bungwe lotere apu yoti msungichuma azilembamo zopereka m'malo mwa kope. Apuyo ili ndi masamba asanu. Loyamba ndi lolowera, pamene munthu amalemba nambala yachinsinsi. Lachiwiri ndi fomu yolembapo dzina la membala ndi ndalama imene wapereka. Lachitatu ndi kaundula wa chaka chonse. Lachinayi ndi posainira ndi chala. Lachisanu ndi lojambulira chitupa cha membala watsopano.

WOULUTSA: Tiyende nawo limodzilimodzi. Tsamba lolowera?

APHUNZITSI: Pamenepo pali manambala khumi ndi batani limodzi. Anthu ambiri amadina ndi chala chachikulu, foni ili choimirira. Koma palibe chimene chimawonongeka tsambali likagona, bola mabataniwo akonzedwe kuti akwane. Ndiye malangizo anga ndi akuti musalikhome. Lisiyeni litsatire zofuna za mwini foni.

Fomu nayonso imakoma choimirira. Foni ikagona, kiyibodi imadya pafupifupi theka la sikirini kapena kupitirira, ndipo munthu amangoona mzere umodzi kapena iwiri. Apa ndi pamene achinyamata ambiri amathamangira kukhoma. Komabe njira yabwino n'kupanga fomu yoti munthu azitha kuikankhira m'mwamba ndi m'munsi, kuti batani lotumizira lisabisike kuseri kwa kiyibodi.

Kaundula ndiye wosiyana. Taganizani mayi msungichuma atakhala pamsonkhano Lamlungu masana, mamembala amuzungulira, wina akunena kuti iye analipira mwezi wa Juni. Kaundulayo ali ndi dzina kumanzere, kenaka miyezi 12 motsatizana, kenaka zonse pamodzi kumapeto. Foni ikaimirira, mayiyo akuona dzina ndi miyezi itatu basi. Akakankhira kumanja kuti apeze Juni, dzina lija lasowa, ndipo sakudziwanso kuti mzere umenewu ndi wa yani. Akagoneka foni, miyezi yambiri ikuoneka pamodzi ndi dzina, amatembenuzira sikirini kwa wodandaula uja, nkhani yatha. Tsamba ili liyenera kuloledwa kugona, ndipo ndi bwino kuikapo kabatani koti munthu aligoneke ngakhale foni yake ili yotseka.

WOULUTSA: Nanga posainira?

APHUNZITSI: Siginecha imayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo chala ndi chachikulu kuposa nsonga ya cholembera. Pafoni yoimirira malo amachepa, munthu amafika kumapeto kwa galasi dzina lisanathe. Choncho apa pali chifukwa chomveka chogonekera tsamba. Chofunikanso n'chakuti munthu akayamba kusaina, tsamba lisatembenuke pakati pa ntchito. Madala amene manja awo amanjenjemera amapendeketsa foni posaina, ndipo tsamba likatembenuka, mzere umene anayamba umasokonekera. Chimodzimodzinso tsamba lojambulira chitupa. Chitupa ndi chachitali m'mbali, ndiye kabokosi kokalozera kayenera kufanana nacho, ndipo kasamadumphedumphe munthu akamasendeza foni kufunafuna kuwala.

Mwaona kuti mwa masamba asanu, awiri okha ndi amene ali ndi chifukwa chenicheni chokhomera. Funso loti mudzifunse pa tsamba lililonse ndi ili: kodi ntchito ya pano ingalephereke tsambali likatembenuka? Ngati yankho ndi ayi, musakhome.

WOULUTSA: Ena anganene kuti, bwanji osangokhoma apu yonse choimirira, mavuto onse athe?

APHUNZITSI: Ambiri amatero, koma pali anthu amene amasiyidwa kunja. M'matauni a migodi tili ndi abale athu amene anavulala pantchito: wina anaduka dzanja, wina amayendera njinga ya olumala. Munthu wotere nthawi zambiri amamangirira foni kapena thabuleti pa chogwirira chimene sichisuntha, ndipo kawirikawiri chimakhala chopingasa. Mukamukhomera apu choimirira, ndiye kuti mwamuuza kuti aziwerenga atapinda khosi. Palinso amene maso awo ayamba kuchita khungu. Iwowa amakulitsa zilembo, ndipo foni ikagona mzere umodzi umanyamula mawu ambiri, kuwerenga kumaphweka.

Bungwe la W3C, limene limakonza malamulo a kapangidwe ka masamba a pa intaneti, linaika nkhaniyi m'malangizo ake otchedwa WCAG 2.1 mu 2018. Ndime 1.3.4 imanena kuti tsamba lisakakamize munthu kaimidwe kamodzi pokhapokha ngati kaimidweko n'kofunikadi pa ntchitoyo. Zitsanzo zimene anapereka ndi monga kujambula cheke cha kubanki ndi apu yoimbira piyano. Mukuona kuti n'zofanana ndi chitupa chathu chija.

NYIMBO YAIFUPI

WOULUTSA: Tsopano tilowe m'khitchini mwenimweni. Amene muli ndi zolembera, konzekani. Aphunzitsi, mayina achingerezi muwatchule pang'onopang'ono.

APHUNZITSI: Tiyambe ndi Android, poti ndi imene ili m'manja mwa anthu ambiri kuno. Mu Android, tsamba limatha kukhala chimene amachitcha Activity. Apu iliyonse ili ndi fayilo yotchedwa AndroidManifest, mmene Activity iliyonse imalembedwa. Pa iliyonse mukhoza kuwonjezerapo mawu akuti screenOrientation, n'kuwapatsa lamulo. Mukalemba portrait, tsambalo likhala choimirira. Mukalemba landscape, likhala chogona. Mukapanda kulemba kanthu, foni imasankha yokha motsatira batani la mwini wake lija.

Apa pali msampha umene ndikufuna muumvetsetse. Pali malamulo oyamba ndi mawu akuti sensor, ndi ena oyamba ndi mawu akuti user. Mukalemba sensor, tsamba lizitembenuka ngakhale mwini foni atatseka Auto-rotate. Mwamulanda ulamuliro pafoni yake yomwe. Mukalemba user kapena fullUser, tsamba limamvera zimene iye anasankha. Pa tsamba losainira, m'malo molemba landscape yokha, lembani userLandscape. Limeneli limalola foni kugona mbali zonse ziwiri, kumanja kapena kumanzere. N'zofunika chifukwa wina ndi wamanzere, wina foni yake ili pachaja ndipo chingwe ndi chachifupi, wina galasi lake linasweka pakona imodzi.

WOULUTSA: Nanga ngati apu yonse ili mu Activity imodzi, monga mmene ambiri akupangira masiku ano?

APHUNZITSI: Pamenepo fayilo ija siingakuthandizeni kusiyanitsa masamba. Mumagwiritsa ntchito lamulo lotchedwa setRequestedOrientation. Munthu akamalowa pa tsamba losainira, mumaliitana kuti foni igone. Akamatuluka, mumaliitananso kubwezeretsa kaimidwe kosakhomedwa, kamene amakatcha unspecified. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri kwa ophunzira n'kuiwala mbali yachiwiriyi. Munthu wasaina, wabwerera ku fomu, koma apu yonse yakakamira chogona mpaka ataitseka. Ndipo kumbukirani kuti njira zotulukira pa tsamba ndi zingapo: batani lanu lotsimikizira, batani lobwerera m'mbuyo la foni, ndi kukoka chala kuchokera m'mphepete. Kubwezeretsako kuikidwe pamalo pamene njira zonsezi zimadutsa.

Amene mukugwiritsa ntchito Flutter, lamulo lanu ndi setPreferredOrientations la mu SystemChrome. Limeneli limakhudza apu yonse, osati tsamba limodzi. Choncho muliike mu initState polowa, ndipo mu dispose mubwezeretse potuluka. Mukalipatsa mndandanda wopanda kanthu, limabwezera ulamuliro kwa foni.

Pa iPhone pali magawo awiri. Poyamba mumalemba mu fayilo ya Info.plist kaimidwe konse kamene apu yanu ingalole. Kenaka tsamba lililonse limanena kaimidwe kake kudzera mu supportedInterfaceOrientations. Tsamba silingapemphe chimene apu yonse sinalole, ndiye ngati tsamba limodzi lokha likufuna kugona, muyenera kuloleza kugona pa apu yonse, kenaka n'kuletsa pa masamba amene sakufuna. Kuyambira pa iOS 16 mu 2022, Apple inabweretsa lamulo la requestGeometryUpdate lopemphera foni kuti itembenuke.

WOULUTSA: Pali dandaulo limene omvera ambiri amalinena. Munthu walemba fomu yonse, foni yapendekeka, zonse zafufutika. Chimachitika n'chiyani?

APHUNZITSI: Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse, ndipo limandiwawa chifukwa limagwera anthu amene nthawi ndi data n'zodula kwa iwo. Mu Android, foni ikatembenuka, Activity siingopotoka ayi. Imagwetsedwa yonse n'kumangidwanso mwatsopano mogwirizana ndi kaimidwe katsopanoko. Zimachitika mwachangu moti diso silizindikira. Koma chilichonse chimene wopanga apu sanachisunge pamalo oyenera chimatayika pomwepo.

Taonani mnyamata amene gulu lake la okumba golide lamutuma kuchigayo cha miyala. Manja ali mbuu ndi fumbi, wakhala pa thumba la miyala, foni ili pabondo. Walemba mayina a anzake asanu ndi mmodzi, matumba amene aliyense wabweretsa, ndalama ya galimoto ndi ya chigayo. Wina wamuitana, iye wacheuka, bondo lapendekeka. Pobweza maso, fomu ili mbee ngati sanalembemo kanthu. Mawa lake mnyamatayo abwerera ku kope ndi cholembera, ndipo adzauza anzake kuti apuyo ndi yosadalirika.

Pali choopsa china. Ngati munaika lamulo lotumiza ndalama kapena lolemba chopereka pamalo amene amayendetsedwa tsamba likamamangidwa, kutembenuka kulikonse kumalitumizanso. Netiweki ikuchedwa, munthu akudikira, foni yapendekeka, chopereka chimodzi chalembedwa kawiri. Pa nkhani ya ndalama za maliro, zimenezo zimadanitsa anthu pachibale.

WOULUTSA: Mankhwala ake si kukhoma komwe kuja?

APHUNZITSI: Kukhoma kumangobisa matendawo. Kugwetsedwa ndi kumangidwanso kwa tsamba kumachitikanso munthu akasintha chiyankhulo cha foni, akakulitsa zilembo, akayatsa maonekedwe akuda a usiku, kapena akagawa sikirini pakati pa maapu awiri. Komanso mafoni athu ambiri ali ndi memore yochepa. Munthu akatuluka mu apu yanu kupita kukaona uthenga wa EcoCash kuti akopere nambala ya malipiro, foni ikhoza kutseka apu yanu mwakachetechete kuti ipeze malo. Pobwerera, apeza fomu yopanda kanthu, ngakhale foniyo sinatembenuke n'komwe.

Mankhwala enieni n'kusunga zimene munthu walemba. Malo olembamo a Android amasunga okha zolembedwa ngati mwawapatsa dzina lowazindikiritsa, lija amati id. Zina zonse, monga mndandanda wa mayina kapena ntchito imene ikudikira netiweki, ziikeni mu ViewModel, chifukwa iyo siigwa foni ikatembenuka. Koma ViewModel imafa foni ikatseka apu yonse, ndiye zofunika kwambiri zidutse mu SavedStateHandle kapena onSaveInstanceState. Amene mukugwiritsa ntchito Jetpack Compose, lembani rememberSaveable m'malo mwa remember yokha. Ndipo fomu yaitali muziisunga m'foni momwemo pamene munthu akulemba, kuti ngakhale batire litatha magetsi atazima, apitirize pamene analekera.

WOULUTSA: Ndamva kuti Google nayo yasintha malamulo pa nkhaniyi.

APHUNZITSI: Zoona. Mu Android 16, imene inatuluka mu 2025, maapu opangidwira mtundu umenewu saloledwanso kukakamiza kaimidwe pa masikirini aakulu, amene mbali yake yaifupi ndi 600dp kapena kuposerapo. Amenewa ndi mathabuleti ndi mafoni opinda akatambasulidwa. Mukalemba portrait, thabuleti imanyalanyaza lamulo lanulo, n'kutambasula tsamba mmene mwini wake waigwirira. Masewera anapatulidwa. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale tsamba limene mwalikhoma pafoni, mulikonze kuti lizioneka bwino mbali zonse, chifukwa tsiku lina lidzatsegulidwa pa thabuleti ya kusukulu kapena ya kuchipatala.

WOULUTSA: Pali china chokhudza ife olankhula Chichewa makamaka?

APHUNZITSI: Chilipo. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo ndikulimbikitsa achinyamata kuti maapu a m'madera mwathu akhale ndi Chichewa pamodzi ndi Chishona ndi Chindebele. Koma mawu athu ndi aatali. Batani limene munaliyeza ndi mawu achingerezi a zilembo zinayi silingakwane mawu akuti tsimikizani kapena bwererani m'mbuyo. Foni ikagona mawuwo amakwana bwinobwino, koma ikaimirira amadulidwa pakati kapena amakwerana ndi batani loyandikana nalo. Choncho poyesa apu, yesani chiyankhulo chilichonse m'kaimidwe konse kuwiri, zilembo zili zazikulu. Mabatani musawapatse muyeso wokhazikika, aloleni akule motsatira mawu.

WOULUTSA: Tanenani za kayesedweko, kuti womvera akachoka pano akayambe lero lomwe.

APHUNZITSI: Tengani foni yotsika mtengo, osati yanu yamphamvu. Yatsani Auto-rotate. Pa tsamba lililonse lembani kanthu mpaka theka, tembenuzani foni kumanja, ibwezeni, tembenuzani kumanzere, muone ngati zolemba zilipobe. Dinani batani lotumiza, ndipo pamene ikudikira netiweki itembenuzeni, kenaka mukaone ngati chalembedwa kamodzi. Lowani pa tsamba lokhomedwa, tulukani ndi batani lobwerera, muone ngati masamba ena amasuka. Zimitsani Auto-rotate, muone ngati pali tsamba likutembenukabe popanda chifukwa. Pomaliza, mu Developer options muli batani lotchedwa Don't keep activities. Liyatseni, tulukani mu apu, bwereraninso. Limakuonetsani zimene zimachitika foni ikagwetsa tsamba lanu munthu ali kwina. Mukatha kuyesa mulizimitse.

Mukachita zonsezi, pitani kwa eni ntchito. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mupatseni msungichuma uja foni m'manja, inu mukhale chete, muone mmene akuigwirira. Mudzaona kuti wina amaigoneka pamwendo, wina amaiimika potsamira kapu, wina amaigwira ndi dzanja limodzi linalo atanyamula mwana. Kaimidwe ka tsamba lililonse kachokere pa zimene mwaonazo.

WOULUTSA: Zikomo kwambiri aphunzitsi. Omvera, titenge zitatu. Kwa eni mafoni, batani la Auto-rotate ndi lanu, ndipo mukalitseka kabatani kapakona kaja kadzakuthandizani nthawi imene mwafuna kugoneka tsamba. Kwa opanga maapu, khomani tsamba lokhalo limene ntchito yake ingalephereke likatembenuka, ndipo munthu akatulukapo masulani. Chachitatu, tsamba litembenuke kapena lisatembenuke, zimene munthu walemba zisatayike.

Ntchito ya sabata ino kwa ophunzira ndi iyi: lembani papepala masamba onse a apu imene mukupanga, ndipo pambali pa lililonse mulembe kaimidwe kake ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Tsamba limene mwasowa chifukwa chomveka, lichotseni loko. Sabata yamawa tidzakambirana za kupanga apu imene imagwirabe ntchito netiweki ikasowa, n'kudzatumiza zolembedwa ikabwerera. Aphunzitsi, mudzakhala nafe?

APHUNZITSI: Ndidzakhalapo achemwali. Omvera, tsalani bwino.

WOULUTSA: Pitani bwino aphunzitsi. Iyi inali pulogalamu ya Luso la Mafoni. Amene mukulowa ntchito ya usiku, muyende bwino ndipo mutuluke bwino. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

NYIMBO YOTSEKERA